Maenje amene anamanga Lusaka ndi zibuma zimene tikutaya

Mzinda wa Lusaka unamangidwa ndi miyala yokumbidwa pansi pake pomwe. Mu Misisi, mu Chawama, mu John Laing ndi ku Kanyama muli maenje akuluakulu odzaza madzi obiriwira, ndipo mwana wobadwa dzana angayese kuti ndi nyanja zimene Mulungu anaika. Maenje aja anakumbidwa ndi anthu. Damu la Ngwenya la mu Misisi linali kwale, malo ophwanyira miyala, ndipo mwala umene unachoka m'menemo ndi m'maenje ena otere unapita kukakhala misewu, maziko ndi makoma a mzinda uno.

Lero ena mwa makoma amenewo akugwetsedwa. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands nyumba zakale zikugumulidwa kuti pamangidwe maflati ndi maofesi. Ku Kabwata ndi ku Chelstone simungayende mtunda wautali osaona nyumba imene akuikuza. Zimene zimatsala, zibuma za njerwa, mabuloko osweka, konkire, matailosi ndi pulasitala, zimakwezedwa pa tipa. Zina zimapita ku Chunga, zina zimakhuthulidwa usiku m'mbali mwa msewu kapena mu ngalande. M'mawa mwake tipa ina imabwera kuchokera ku kwale ndi miyala yatsopano imene mwini puloti wagula ndi ndalama zambiri. Kuno tikukumba dzenje, uko tikuunjika phiri, ndipo zonse ziwiri tikulipira. Makolo athu sankatero. Khalidwe lotaya zibuma lili ndi chiyambi chake, ndipo tingathe kulilondola.

Njanji, laimu ndi njerwa

Njanji yochokera ku Livingstone kupita ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, inafika kuno mu 1905. Omanga njanji anaika kasiteshoni kopatukirapo sitima, n'kukapatsa dzina la mfumu Lusaaka, imene mudzi wake unali cha ku Manda Hill. Mu 1913 panakhazikitsidwa kabungwe koyendetsa kamudzi ka azungu kamene kanamera m'mbali mwa njanjiyo, n'chifukwa chake mu 2013 mzinda unakondwerera zaka 100.

Malo amene anasankhawo ndi athyathyathya, ndipo pansi pake pali mwala wa laimu umene m'malo ena umachita kuonekera pamwamba. M'dzinja madzi ankasowa kolowera, moti msewu umene timautchula Cairo Road unkasanduka dambo. Koma mwala womwewo ukauwotcha umatulutsa laimu womangira, ukauphwanya umakupatsa miyala ya konkire ndi ya misewu. Mmodzi mwa anthu oyamba kulemera nawo anali Mtaliyana wina dzina lake Marrapodi, amene anali ndi mauvuni owotchera laimu ndi njerwa. Komboni ya Marapodi, pafupi ndi Mandevu, ikusungabe dzina lake mpaka lero.

Mu 1931 boma la atsamunda linagamula zochotsa likulu la Northern Rhodesia ku Livingstone, ndipo mu 1935 likulu linasamukira kuno. Pulani yoyamba ya mzinda inajambulidwa ndi Professor Stanley Adshead wa ku London, amene ankafuna mzinda wa mitengo yambiri, misewu yotakata ndi mapuloti aakulu. Ridgeway inamangidwa motsatira maganizo amenewo, ndipo Woodlands ndi Kabulonga zinabwera pambuyo pake m'njira yomweyo. Pulaniyo inasamala kwambiri za azungu. Anthu akuda amene ankasenza njerwa ndi kuponda matope ankaonedwa ngati alendo odzagwira ntchito, oti ikatha abwerere kumudzi.

Makampani omanga ankaloledwa kusunga antchito awo m'misasa ya kanthawi. Ntchito itatha, anthu sanachoke. Maina a John Laing ndi John Howard, amene ife timawadziwa ngati makomboni, anali maina a makampani omanga a ku Britain. Anthu a m'misasa yotere ankamanga ndi chilichonse chimene ntchito ya azungu yasiya: matabwa otsala, malata opindika, migolo yoidula n'kuiwongola, ndi njerwa zosawotcha zimene akuluakulu ankazitchula kuti Kimberley. Theka la njerwa linkakhala fuwa, lata lobooka linkakhala chitseko cha bafa, msomali wopindika unkawongoledwa pamwala. Nyumba ya dothi ikagwa inkabwerera ku dothi. Mvula ikagwa kawiri katatu, pamalopo pankamera maungu.

Simenti itabwera

Kampani ya Chilanga Cement inakhazikitsidwa mu 1949, ndipo fakitale yake, kumwera kwa mzinda pa msewu wa ku Kafue, inayamba kutulutsa simenti mu 1951. Simenti ya ku Chilanga ndiyo inamanga khoma la damu la Kariba kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Simenti itayamba kupezeka pafupi, buloko ya konkire inayamba kulanda malo a njerwa, ndipo pang'onopang'ono Lusaka inakhala mzinda wa mabuloko umene tikuudziwa.

Palibe amene angadandaule kuti tinasiya nyumba zogwa ndi mvula. Komabe konkire ili ndi khalidwe limene dothi lilibe: siibwerera kumene inachokera. Chibuma cha konkire chimene mwataya kuseri kwa mpanda chaka chino, adzukulu anu adzachipeza chili momwemo. Ndi yolemeranso. Konkire yodzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake imalemera pafupifupi matani 2.4. Kuti simenti ipangidwe, mwala wa laimu umawotchedwa pa moto wofika madigiri 1,450, ndipo pa dziko lonse ntchito yopanga simenti imatulutsa pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a mpweya wa carbon dioxide umene anthu timatulutsa. Choncho m'chibuma chilichonse muli mwala wokumbidwa, malasha owotchedwa, magetsi, dizilo ndi thukuta la munthu.

M'zaka zomwezo khonsolo inkamanga nyumba za anthu akuda ku Chilenje, ku Matero, ku Kamwala ndi ku Libala, ndipo Chelstone inakula m'zaka zoyandikira ufulu ndi pambuyo pake. Zambiri mwa nyumbazi zinafoleredwa ndi malata a asibesitosi, amene fakitale ya TAP inkapanga ku Chilanga komweko. Pa nthawiyo malatawa ankayamikiridwa chifukwa sachita dzimbiri, satentha kwambiri masana ndiponso sasokosa mvula ikamagwa. Tibwereranso kwa iwo, chifukwa lero ndi amene ali chinthu choopsa kwambiri pa mulu wa zibuma.

Ku Kabwata kunali mizere ya nyumba zozungulira zofolera ndi udzu, zimene boma la atsamunda linamangira amuna obwera okha kudzagwira ntchito, akazi ndi ana atatsala kumudzi. M'zaka za m'ma 1970 zambiri zinagumulidwa kuti pamangidwe maflati amene tikuwaona lero. Nyumba 43 zinasiyidwa, ndipo mu 1974 zinakhala Kabwata Cultural Village, kumene osema ziboliboli akugwirabe ntchito mpaka pano. Ku Chilenje, nyumba nambala 394, mmene a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962, inasungidwanso ngati chikumbutso cha dziko. Nyumba zimenezi sizinatulutse wilibala ngakhale imodzi ya zibuma, chifukwa panapezeka anthu amene anazipezera ntchito ina. Njira yotsika mtengo kuposa zonse yochepetsera zibuma ndiyo kusagumula chimene chingathe kugwirabe ntchito.

Zaka za ufulu ndi zaka za njala ya ndalama

Mu 1963 mzinda unali ndi anthu pafupifupi 123,000. Ufulu utabwera pa 24 October 1964, malamulo oletsa anthu akuda kukhala m'tauni momasuka anatha, ndipo pofika 1969 chiwerengero chinapitirira 260,000. Ndalama za kopa zinakweza nyumba zosanja mu Cairo Road: Indeco House, Society House, ndi Findeco House ya nsanjika 23 imene inatha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Koma anthu ambiri ankakhala m'makomboni amene pulani sinkawadziwa.

Poyamba boma linkayesa kuwagwetsa makomboniwo. Mu 1974 linasintha maganizo. Lamulo la Housing (Statutory and Improvement Areas) Act linavomereza kuti anthu akhale kumene ali, ndipo ndi ngongole ya World Bank misewu ndi mipopi ya madzi zinalowa mu George, Chawama, Chaisa, Chipata ndi Garden. Mabanja amene nyumba zawo zinali panjira ya msewu ankapatsidwa mapuloti chapafupi, ndipo munthu wosamuka sankasiya lata, chitseko kapena felemu ya windo. Ena onse anakonza nyumba zawo pamalo pomwepo, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka cha mawa.

Mtengo wa kopa unagwa mu 1975, ndipo zaka za m'ma 1980 zinali za mizere yogulira ufa, sopo ndi mafuta ophikira. Ntchito za m'makampani zitachepa, amayi ambiri anatenga hamala n'kukhala pansi kuphwanya miyala. Milu ya miyala ndi mchenga imene timaiona ku Kalingalinga, m'mbali mwa Alick Nkhata Road, inachokera m'mbiri imeneyi. Owotcherera zitsulo a ku Garden, pa Katima Mulilo Road, ndi ogulitsa matabwa a ku Buseko nawonso ndi ana a mzinda umene unaphunzira kudzimangira wokha. M'zaka zimenezo thumba la simenti linali chuma. Palibe amene akanalipira galimoto kuti ikataye mabuloko.

Pamene tinayamba kugumula

Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa anthu amene ankakhalamo, ndipo zambiri zinapita pa mtengo wotsika kwambiri. Munthu amene dzulo anali wa lendi, wosaloledwa kuboola khoma, anakhala mwini nyumba. Ku Kabwata, ku Libala, ku Chilenje ndi ku Chelstone mipanda ya maluwa inazulidwa, m'malo mwake munakwera mipanda ya mabuloko. Khonde linasanduka chipinda, khichini inakuzidwa, kuseri kunamera tizipinda ta lendi, kutsogolo kashopu. Khoma lililonse latsopano linkayamba ndi kugwetsa lakale.

Kumayadi zinayenda mwa njira ina. Puloti yaikulu ya ku Kabulonga kapena ku Woodlands, imene pulani ya atsamunda inapereka kwa banja limodzi ndi mitengo yake, inayamba kuoneka ngati malo ongowonongeka. Nyumba imodzi ikagwa, pamalopo pamatha kukwana maflati angapo, ofesi kapena malo ogona alendo. Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, Arcades mu 2003, Levy Junction mu 2011, ndipo mashopu aakulu otere anafalikira mbali zonse za mzinda. Ntchito ya misewu ya L400 inayamba mu 2013, ndipo pakati pa 2018 ndi 2021 milatho yodutsa pamwamba inamangidwa ku Makeni, ku Arcades, ku Munali ndi ku Longacres. Misewu ikamakuzidwa, phula lakale limafukulidwa, ngalande zakale zimaswedwa, mipanda imene inalowa mumsewu imagwetsedwa. Kalembera wa 2010 anapeza anthu opitirira 1.7 miliyoni mu Lusaka, ndipo wa 2022 anapeza pafupifupi 2.2 miliyoni. Walira mvula walira matope. Tinafuna mzinda watsopano, ndipo unabwera ndi zibuma zake.

Kagumulidwe nakonso kanasintha. Kale nyumba inkaphwasulidwa ndi manja, kuyambira kudenga kutsika pansi: malata payekha, mitengo ya denga payokha, mafelemu payekha, njerwa zikuchotsedwa imodziimodzi. Matope a laimu amene ankamangira kale ndi ofewa, moti njerwa inkatuluka yathunthu. Matope a simenti amagwira kwambiri, ndipo nthawi zambiri buloko imasweka isanalekane ndi inzake. Ndiye kunabwera makina okumba, amene amagwetsa nyumba yonse tsiku limodzi. Mwini malo amapulumutsa masiku, koma chimene chimatsala ndi mulu umodzi wosakanikirana: konkire, matabwa, magalasi, mapaipi a pulasitiki, siling'i, zitini za penti ndi zidutswa za asibesitosi. Konkire yokhayokha ndi katundu woti munthu angagule. Ikasakanizika ndi zonsezi imakhala chinthu choti ulipire munthu kuti akuchotsere.

Mu tauni tinaonanso njira ina. Society House inapsa mu 1997 ndipo inakhala zaka zambiri ili chigoba chakuda pakati pa Cairo Road. Pomalizira pake nsanjayo sinagwetsedwe. Inakonzedwa ndi ndalama za NAPSA n'kukhala mbali ya Society Business Park, ndipo hotela inatsegulidwamo mu 2018. Mu October 2024 a NAPSA anatseka malowo ponena kuti akatswiri apeza mbali zina za chimangocho zili zosalimba. Nkhaniyi ikutikumbutsa kuti kusunga nyumba yakale, kapena kuiwonjezera, kumafuna mainjiniya oyeza moona mtima kuyambira pachiyambi, chifukwa ntchito ikalakwika zibuma zimene tinazipewa zimadzabwera zochuluka.

Chunga ndi ngalande zathu

Kwa zaka zambiri zinyalala za mzinda zinkatayidwa m'maenje akale a kwale ndi pa mtaya wa ku Libala. M'zaka za m'ma 2000, ndi thandizo la dziko la Denmark, khonsolo inakonza mtaya wa ku Chunga, kumpoto kwa mzinda, kumene ambiri timati ku Marabo. Umenewu ndiwo mtaya waukulu wa Lusaka yense. Amene amakhala kufupi amaudziwa ndi utsi wake ndi ntchentche zake, ndipo tsiku lililonse pamakhala anthu, ena mwa iwo amayi ndi ana, otola mapulasitiki ndi zitsulo zokagulitsa.

Mtaya ndi malo okhala ndi malire. Zotsala za chakudya zimawola n'kuphwa, makatoni amanyowa n'kufinyika, koma konkire imene yalowa imagwira malo ake mpaka kalekale. Tipa iliyonse ya zibuma imene yakhuthulidwa ku Chunga imalanda malo a zinyalala zimene zilibe kwina kopita, monga matewera a ana ndi zonyansa za m'misika. Chunga ikadzadza, mtaya wina udzafunika malo aakulu, ndipo malo otere sapezekanso pafupi. Udzakhala kutali, magalimoto adzamwa mafuta ambiri, ndipo mtengo wake udzabwera kwa ife amene timalipira otola zinyalala pamwezi.

Zibuma zambiri sizifika n'komwe ku Chunga. Ulendo wa kumeneko umadya dizilo ndi nthawi, pofika pamakhalanso cholipira, choncho dalaivala amene walandira kale ndalama yake amaona chapafupi kukhuthula pa puloti yopanda mwini, m'mbali mwa njanji kapena m'mphepete mwa ngalande. Mulu wa zibuma umaitana anzake. Lero pali mabuloko osweka, mawa wina wataya thumba la zinyalala za kunyumba, sabata yamawa pakhala mtaya. Mvula ikabwera, mchenga ndi tizibuma zimakokolokera mu ngalande, mapulasitiki amakodwa pamenepo, madzi amabwerera m'mayadi a anthu.

Apa m'pamene mwala wa laimu uja umabweranso m'nkhani. Mwalawu uli ndi ming'alu ndi mapanga, madzi a pansi ali pafupi kwambiri, ndipo gawo lalikulu la madzi amene timamwa limachokera m'zitsime ndi m'mijigo ya mumzinda momwemo. Madzi osefukira akalowa m'zimbudzi zokumba, zonyansa sizichedwa kufika m'zitsime. Kolera imene inayamba mu October 2017 inadwalitsa anthu opitirira 5,000, ambiri a iwo a ku Kanyama, Chipata ndi makomboni ena a Lusaka. Ya 2023 mpaka 2024 inapha anthu opitirira 700 m'dziko lonse, National Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Zibuma sizibweretsa kolera pazokha, koma ngalande yotsekeka ndi imodzi mwa njira zimene matendawa amayendamo. Ngalande yaikulu ya Bombay inakonzedwa pakati pa 2013 ndi 2018 pansi pa mgwirizano wa ndalama zokwana madola 355 miliyoni zochokera ku America, za madzi, zimbudzi ndi ngalande za Lusaka. Ntchito yodula chotero ingathe kulepheretsedwa ndi matipa ochepa okhuthula usiku.

Malamulo alipo. Environmental Management Act ya 2011 inakhazikitsa ZEMA, ndipo Solid Waste Regulation and Management Act ya 2018 inatsegula njira yoti makhonsolo akhale ndi makampani osamalira zinyalala, monga Lusaka Integrated Solid Waste Management Company. Kampeni ya Keep Zambia Clean inayamba mu 2007 nthawi ya a Levy Mwanawasa. Koma tikamakamba za ukhondo wa mzinda, maso athu amakhala pa mapulasitiki ndi mabotolo. Zibuma timazidutsa ngati mbali ya msewu.

Kumene ena anadutsa

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, mzinda wa Berlin unali mabwinja. Anthu, ambiri a iwo amayi, ankaima m'mizere kupatsirana ndowa, kusankha njerwa zathunthu ndi kuzipala matope ndi hamala kuti zimangirenso. Zimene zinakanika zinaunjikidwa m'mphepete mwa mzinda mpaka zinakhala phiri la Teufelsberg, lotalika pafupifupi mamita 80 kuchokera pansi pake. Amayi aja ankagwira ntchito yofanana ndi ya amayi a ku Kalingalinga, ndi chida chofanana.

Maiko amene anachepetsadi zibuma zopita ku mtaya anatero ndi lamulo ndi msika pamodzi. Netherlands inaletsa mu 1997 kutaya ku mtaya zibuma zimene zingathe kugwiranso ntchito, ndipo zambiri zimaphwanyidwa n'kuikidwa pansi pa misewu. Japan inakhazikitsa lamulo mu 2000 lokakamiza ogumula nyumba kusankhula konkire, phula ndi matabwa pamalo pomwepo. Maiko a European Union anagwirizana mu 2008 kuti pofika 2020 magawo 70 pa 100 a zotsala zotere azigwiritsidwanso ntchito. Ku Delhi, mzinda wa fumbi ndi makomboni ngati wathu, fakitale yophwanya zibuma inatsegulidwa ku Burari mu 2009, ndipo imapanga mchenga, miyala ndi mapeva. Konseku chinsinsi n'chimodzi: kusankhula zinthu zisanasakanizike, ndi kukhala ndi wogula amene akudikira.

Zimene tili nazo kale

Theka la ntchitoyi tikuichita kale popanda wotiuza. Chitsulo sichigona pa mulu: anyamata a wilibala amachitola, ogula sikirapu amachiyeza pa sikelo, ndipo chimakasungunulidwa m'mafakitale a zitsulo a ku Kafue ndi kuno ku Lusaka. Malata, zitseko, mafelemu ndi masinki akale ali ndi msika wawo. M'makomboni, dzinja likayandikira, anthu amachita kupempha zibuma kuti atseke maenje a mumsewu ndi kukweza pakhomo. Chimene chikusowa ndi dongosolo la katundu wolemera kwambiri, konkire ndi mabuloko, amene amatuluka kumayadi ndi mu tauni pa matani ambiri nthawi imodzi.

Konkire yoyera ikaphwanyidwa ndi kusefedwa imagwira ntchito zambiri. Imalowa pansi pa silabu m'malo mwa miyala yogula, imayalidwa pansi pa msewu ndi pa malo oimika magalimoto, imapanga mapeva ndi mabuloko a mpanda. Pa mizati ndi mabimu onyamula nyumba yosanja pamafunika kuyeza kwa injiniya, ndipo pamenepo tisachite zongoganizira. Dothi lokumbidwa pa maziko limafunidwa ndi wina amene puloti yake ndi yotsika. Matabwa a shatala amagwira kangapo asanakhale nkhuni.

Asibesitosi yekha ndi amene sayenera kulowa m'njira imeneyi. Lata lake likakhala lathunthu padenga silivuta kwenikweni. Likasweka, likadulidwa ndi gulainda kapena likaphwanyidwa pamodzi ndi mabuloko, limatulutsa tiulusi tosaoneka timene timakhazikika m'mapapo, ndipo matenda ake, kuphatikizapo khansa, amaonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Bungwe la World Health Organization limati mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa, ndipo South Africa inamuletseratu mu 2008. Amene amakwera padenga la nyumba yakale ya khonsolo ku Chelstone kapena ku Kabwata nthawi zambiri ndi mnyamata wa ganyu wa msinkhu wathu, wopanda chotseka kukamwa. Malata otere achotsedwe athunthu, atanyowetsedwa, aikidwe paokha, ndipo a ZEMA kapena a khonsolo afunsidwe kumene angatayidwe. Asathiridwe mumsewu kuti magalimoto aziwapera ana akusewera pomwepo.

Zina zonse zili m'manja mwa anthu amene tikuwadziwa. Khonsolo imene imavomereza pulani ya nyumba ingathe kufunsanso kuti zogumulidwa zipita kuti, ndi kufuna lisiti ya kumene zinatayidwa. Ingathe kupatula malo angapo mumzinda olandirira zibuma zoyera zokhazokha, mtengo wake wotsika kuposa wa zosakaniza, kuti dalaivala wa tipa aone phindu lofikako. Boma, limene ndilo wogula miyala wamkulu chifukwa cha misewu, likanena kuti pansi pa misewu ya m'makomboni pazilowa konkire yophwanyidwa, msika ungabadwe tsiku lomwelo. National Council for Construction, imene imalembetsa makontilakita ndi kuphunzitsa amisiri, ingathe kuika kaphwasulidwe kabwino ka nyumba m'maphunziro ake. Ndalama za CDF zimene magulu a achinyamata amapempha zingathe kugula makina aang'ono ophwanyira miyala, ndipo amayi amene akhala zaka zambiri ndi hamala m'manja ndiwo oyenera kukhala oyamba m'magulu otere, chifukwa kukula kwa mwala umene womanga amafuna amakudziwa ndi maso.

Ambiri a ife tidzamanga, kaya ndi kachipinda kuseri kwa nyumba ya makolo, kaya ndi pa puloti ya ku Chalala kapena ku Meanwood imene tikulipira pang'onopang'ono. Ena ndife amisiri, ena madalaivala, ena tikuphunzira uinjiniya ku UNZA. Tsiku logumula likafika, tiyambe kudenga, tiike milu inayi m'malo mwa umodzi: zitsulo, matabwa, konkire ndi mabuloko, ndi zoopsa pazokha. Tisanaitane tipa tifunse mmisiri kuti ndi zingati zimene zingalowe pansi pa silabu yathu yomwe, ndipo tifunse aneba ngati akufuna zotsalazo. Tipa ikanyamuka, tidziwe kumene ikupita. Agogo amene anamanga John Laing ndi Chawama ndi zotsala za azungu ankachita zimenezi chifukwa cha umphawi. Ife tili ndi zifukwa zina zowonjezera: mtengo wa miyala ndi mchenga, malo amene atsala ku Chunga, ndi madzi a m'chitsime chimene mwana wa ku Kanyama adzamwe dzinja likubwerali.